Jaji wa ba Daka

Lamlungu limene ba Lighton Daka anapsa nsidze, tchalitchi chathu cha ku Nangongwe chinali chodzaza mpaka pakhomo. Kiyibodi ya kwaya inali kulira ngati mbuzi yomangidwa, ndipo abusa anati, popeza tili ndi katswiri pakati pathu, ayang'aneko soketi. Ba Daka ananyamuka ndi jekete yawo ya bulauni, nabwereka mita yoyezera magetsi kwa woimba kiyibodi, nagwada kuseri kwa guwa. Chimene sanaone n'chakuti mwini mitayo anasiya chingwe chofiira pabowo lolakwika, losayenera kukhudza soketi. Kunamveka phuu! Kuwala kwa buluu, masipika onse zii. Amayi a kutsogolo, amene anali kale pakati pa pemphero, anakuwa kuti moto watsika, awiri n'kugwa pansi. Kenaka ba Daka anatulukira kuseri kwa guwa, nkhope ili mbuu, pamwamba pa maso pali see ngati dzira.

Wina akanati ndi Satana. Wina akananamizira mita. Iwo anaima pamaso pa mpingo wonse nati, "Cholakwa ni changa, abale. Sininayang'ane chingwe." Anakakhala pansi pafupi ndi akazi awo ba Agatha, amene anali kugwedezeka mapewa kuseri kwa chitenje, ndipo mpaka lero amalumbira kuti anali kulira.

Nsidze zinamera patapita miyezi iwiri. Ndayambira pamenepa kuti mudziwe mtundu wa munthu: wotha kupirira manyazi, koma bodza ayi.

Ba Daka anabadwira konkuno ku Kafue. Atate awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo mwana anakula akumva kuti sitima ikachedwa mphindi imodzi, pali munthu amene ayenera kufotokoza. Atatha sukulu analowa pa fakitale ina ku Industrial Area, nakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri m'kachipinda kozizira kopanda zenera. Ntchito yawo inali yovuta kuifotokozera achibale a kumudzi. Sankakonza makina, sankakoka mawaya. Ankayeza zoyezera. Mita, mukuona, ikamakalamba imayamba kunama pang'onopang'ono, nayo osadziwa kuti ikunama. Tsono pamafunika ina yaikulu, yokhulupirika, yoti zinzake zonse zizifanizidwa nayo. Yaikuluyo nayonso chaka chilichonse imapita ku labu ku Lusaka kukafanizidwa ndi ina yoiposa, ndipo ya ku Lusakayo akuti ili ndi akuluakulu ake kunja kwa dziko. Ba Daka ankaukonda mzere umenewu kuposa mbiri ya makolo awo. Mukawafunsa dzina la agogo awo aakazi ankakanda kumutu, koma tsiku limene mita yawo inapita ku Lusaka mu 2009 ankalitchula osaphethira.

Mita yaikuluyo ankaitcha Jaji. Inali yotuwa, kukula kwake ngati wailesi yakale, ya manambala ofiira asanu ndi limodzi. Fakitale itatseka kachipinda kaja n'kupereka ntchitoyo kwa anthu akunja, mabwana anawafunsa chimene akufuna ngati mphatso yotsanzikira. Anzawo anatenga njinga, ena malata. Ba Daka anabwera kunyumba atanyamula Jaji m'bulangete.

Anamuika m'chipinda cha mwana wawo Thokozile, amene anakwatiwa ku Kitwe. Mazenera otseka, pakhoma choyezera kutentha, pakhomo lamulo: nsapato panja. Jaji asanaweruze mlandu uliwonse ankafuna ola lathunthu loti atenthe kaye m'kati. Malaiti akapita, monga apitira kuno, Jaji anali ndi batire yakeyake, pamene filiji ya ba Agatha inali kudontha madzi m'khichini. Ba Agatha ankamutcha "mkazi mnzanga." Alendo akafunsa za amuna awo, ankaloza ndi mlomo: "Bali kwa mai nini, mkazi wang'ono. Gogodani pang'ono, angadzidzimuke."

Koma ntchito inabwera. Okonza mafoni pamsika, oika masola, a magetsi a motoka, onse anayamba kubweretsa timamita tawo ta m'thumba. Ba Daka ankalumikiza ka mita ka mlendo pamodzi ndi Jaji pa kabokosi kotulutsa mphamvu yosasinthasintha, n'kuwerenga onse awiri. Zikasiyana, wolakwa ankadziwika kale. Ankatsegula ka mitako, kupotoza kasikuluwu kam'kati mpaka kavomereze zimene Jaji wanena, n'kumata sitika yobiriwira: tsiku, ndi zilembo ziwiri, L.D. Nambala ya mita iliyonse ankailemba m'buku lakuda. Sitikayo inafika pokhala ngati digiri. Ku Shimabala alimi a nkhuku, asanalole munthu kukhudza sola yawo, ankafunsa kuti, "Mita yako ili na ka gilini ka ba Daka?"

Ogasiti aliyense Jaji ankapita ku Lusaka, ndipo womunyamula anali mmodzi yekha, ba Jackson Mvula. Awiriwa analowa ntchito tsiku limodzi, anagawana sikono imodzi nthawi ya njala, ndipo pa ukwati wa ba Daka amene anasunga mphete anali ba Jackson. Tsopano ba Jackson ankagwira ntchito ku Lusaka, kupita m'mawa, kubwera madzulo. Ankanyamula Jaji pamiyendo mu minibasi, n'kumubweza patapita masabata awiri pamodzi ndi setifiketi. Ba Agatha ankailandira setifiketiyo ndi manja awiri, kuthamangira nayo kwa oika mafulemu, n'kuipachika pakhoma la pabalaza, pamwamba pa zithunzi za adzukulu. Ba Daka ankati mkazi wotere ndi wosowa.

Masetifiketi anafika asanu. Ndipo apa m'pamene panali chonyadira chawo chachikulu: manambala a pa mapepala onse asanu anali amodzimodzi, mpaka kadontho komaliza. Ankaimitsa alendo pakhomapo tiyi akuzizira. "Onani apa. Onani na apa. Zaka faifi, osasuntha olo pang'ono! Munthu angachite zimenezo?"

Chinthu china ankachidandaula, komabe mokondwera. Mamita onse atsopano ankabwera akuwerenga mopitirira Jaji, chaka chilichonse mopitirirako. Ba Daka anapeza chifukwa chake msanga. "Vinthu va masiku ano ni vodzikweza," ankatero, "monga eni ake." Ndipo ankatsitsa kalikonse mpaka kadzichepetse. Nangongwe yonse mamita anayamba kugwirizana ngati kwaya. Mabatire a sola akatupa mimba ku Shimabala, anthu ankatukwana ogulitsa kuti ndi a gong'a, a katundu wachinyengo.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wina, Purity Hamoonga, woika masola, wovala ovolosi ndi nsapato zachitsulo kutsogolo. Mlimi wina anamukaniza ntchito chifukwa analibe ka gilini, choncho anabwera kudzakatenga. Anavula nsapato, anadikira ola lake mwaulemu. Ba Daka analumikiza mawaya. Mita ya Purity inati mavolti 14.4. Jaji anati 14.0.

"Nayenso wodzikweza," anatero ba Daka, akutambasulira dzanja ku sikuludilaiva.

"Ba ankolo, osaitsegula."

"Mwana wanga, siipweteka. Ni kasikuluwu chabe."

"Iyi yachoka ku labu mwezi watha. Pepala ili mu chola."

"Labu iti?"

Anaitchula. Inali yomweyo ya Jaji. Ba Daka anaseka mokoma mtima, namutengera pabalaza kukamuonetsa khoma, monga ankachitira ndi onse osakhulupirira. Purity anawerenga pepala loyamba, lachiwiri, nabwerera ku loyamba. Anatulutsa foni, anajambula, nakulitsa ndi zala.

"Ba ankolo, mu labu muja kunali kutentha 23.1 zaka zonse faifi? Na kadontho ka inki aka pa kona, kanabwela zaka zonse faifi?"

"Ufuna kukamba chani?"

"Nikamba chabe kuti chintu chamene sichisintha olo pang'ono, kwathu timachiitana fotokope."

Ba Agatha, amene anali kubwera ndi thireyi ya tiyi, anabwerera nayo kukhichini osaitula. Izi anaziona ndi amake Favour, neba wawo wogulitsa vitumbuwa, amene mpanda wake uli ndi kabowo kolunjika bwino pazenera la pabalaza la a Daka. Iwo amati kabowoko kanabooka kokha.

Ba Daka sanakwiye. Anamvera mtsikanayo chisoni, ndipo anaganiza zomuphunzitsa. Analengeza kuti Lolemba adzanyamula Jaji okha kupita naye ku Lusaka, akabwere ndi pepala lachisanu ndi chimodzi, Purity adzaliwerenge mokweza. Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munayamba zodabwitsa. Ba Agatha analota maloto oipa a minibasi. Nsapato zakuda za ba Daka zinasowa. Jekete ya bulauni inapezeka yonyikidwa m'beseni Lolemba m'mawa. Ba Jackson anaimba foni katatu kuti, "Mudala, muzivutitsila chani? Nizapeleka ine monga masiku onse." Ba Daka anavala patapata ndi juzi ya Khirisimasi, nakwera basi, Jaji ali pamiyendo. Kondakitala atafuna kumuika kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala, anauzidwa mawu amene sindingalembe, poti ba Daka ndi dikoni.

Ku labu anawalandira mayi wina wa koti yoyera. Analemba nambala ya Jaji pa kompyuta, nawerenga zimene zinatuluka.

"Ba Daka, iyi tinaiona komaliza zaka folo zapita. Inafeluka."

Anawafotokozera mofatsa. Kachipangizo ka m'kati, kamene kamasunga muyezo, kanali katakalamba, ndipo ka mtundu umenewo sikapangidwanso. Labu inamata sitika yofiira yoletsa kuigwiritsa ntchito, inalemba kalata, ndipo anaisainira ndi bambo wina, J. Mvula. Pansi pake panali mawu a pamanja: tinaimbira foni kunyumba, tinalankhula ndi Mayi Daka.

"Sitika yofiira kulibe apa," anatero ba Daka.

Mayiyo anatembenuza Jaji. M'mbali mwake munali sitika ya msonkhano wa amayi a mpingo, ya nkhunda yoyera, imene ba Agatha anamata zaka zinayi zapitazo, ati mkazi mnzawo adalitsike. Mayi wa labu anaikanda ndi chikhadabo. Pansi pake panali kachidutswa kofiira kamene kanakana kumatuka.

Kuti asatsale ndi chikaiko, anamulumikiza Jaji pa makina awo, nampatsa 14.4 yeniyeni. Manambala ofiira aja anaphethira, nalemba 14.0, molimba mtima ngati mboni yogulidwa.

Ulendo wobwerera ndi wa ola limodzi, koma akuti ba Daka anakalamba zaka khumi. Basi itafika pa Shimabala anayamba kuona masola pa madenga, kuno ndi uko, pa makola a nkhuku ndi pa timashopu. Anadziwa chimene chinachitika pansi pa denga lililonse. Woika sola, ndi mita yake yotsitsidwa, ankaona ngati batire sinakhute, n'kukweza chaja, batire n'kumawira mpaka kutupa. Ogulitsa anatukwanidwa chabe. Wa gong'a anali pamiyendo pawo, m'bulangete.

Anafika dzuwa likadali pamutu. Ba Agatha anali pakhonde akudula lepu. Ataona nkhope ya amuna awo anaika mpeni pansi.

"Amake Thoko. Ogasiti aliyense Jaji anali kugona kuti?"

"Pamwamba pa wadilopu ya ba Jackson."

"Mapepala?"

"Pa shopu ya makompyuta pa steshoni. Tinali kusintha chabe deti."

"Tinali."

"Ee, tinali. Ba tate bake Thoko, mwaiwala chaka chija? Munachoka mu chipatala na BP, kamwa kanapita ku mbali. Dokota anati osabauza nkhani yoipa. Ba Jackson banabwela na kalata, baimilila apo pa mango, banifunsa kuti mulamu tichite bwanji. Nchito banakuchotsani, mwana anapita, chamene chinali kukuutsani m'mawa ni chibokosi icho. Nikanakuuzani kuti chafa, sembe tinaika maliro awiri."

"Chaka chimodzi ningamve. Vinangu vitatu?"

Apa ba Agatha anayang'ana lepu. "Munali okondwa," anatero. "Munali kuimba mu bafa."

"Nakhala niimika anthu pa khoma iyo. Abusa. Ba headmaster. Imwe muli apo na thileyi, mumvela nikamba kuti siisuntha."

"Nanga ine n'nadziwa bwanji kuti ka zelo pointi foo kangaphike batire? N'naona monga ni kanthu kang'ono."

"Kanthu kang'ono," anatero ba Daka. "Ndiye nchito yanga yonse, amake Thoko. Zaka twente-seveni. Kanthu kang'ono."

Sanakuwe. Amake Favour akuti anadikira pa kabowo mpaka mwendo unachita dzanzi, koma chimene anamva ndi misomali isanu ikuzulidwa pakhoma, umodzi umodzi.

Ba Jackson anabwera Loweruka, atavala suti ngati wodzafunsira mbeta. Sanaloledwe kupitirira pa mango.

"Mudala, n'nachita chifukwa cha chikondi."

"Unali kunipatsa na manja awili, Jackson. Unali kukamba kuti ba ku labu bapeleka moni."

"Nanga n'kanakamba chani?"

"Unagwilako nchito mu chipinda chija. Amake Thoko sadziwa volti, koma iwe udziwa. Unadziwa chamene nichita ku mamita ya anthu."

Ba Jackson anatembenuka. Anapita, chipewa chili m'manja. Kutchalitchi tsopano amakhala mbali ya kwaya, ndipo nthawi yopatsana moni wa mtendere ba Daka amakhala otanganidwa kwambiri ndi zingwe za nsapato.

Lolemba lotsatira anatenga buku lakuda ndi lezala, nayamba kuyenda. Mamita anali makumi asanu ndi limodzi ndi atatu. Pa shopu iliyonse ankavula chipewa n'kunena mawu omwe aja a m'tchalitchi: "Cholakwa ni changa." Kenaka ankapempha mita, kukanda sitika, n'kumuuza mwini wake kuti akaiyezetse kwina. Sanatchule mkazi wawo, sanatchule Jackson. Zimenezo anawathandiza kufalitsa ndi amake Favour.

Sikuti onse anawalandira bwino. Mlimi wina wa ku Shimabala anawatengera kuseri kwa khola, nawaonetsa mabatire atatu otupa ngati achule, ndipo ba Daka akuti kukanakhala bwino akanawamenya. Wokonza mafoni wina, David, anabisa mita yake m'malaya.

"Badala, siyani chabe. Makasitoma bakonda ka gilini. Ndani azaziba?"

"Ine."

"Ah, imwe naimwe! Manje nizaikapo chani?"

"Dzina yako, ngati uli nayo."

Anakangana mpaka anthu anasonkhana, ndipo pomaliza sitika inachoka, theka pa lezala, theka pa chala cha David. Kuyambira tsiku limenelo anyamata a pamsika anayamba kuwatcha ba Pointi Foo. Amawaitana choncho mwaulemu ndithu, ena mpaka kuwapatsa mpando. Ntchito yokha ndiyo sinabwerenso. Alimi a ku Shimabala masiku ano amafunsa za pepala la Purity.

Zinawatengera masabata asanu ndi limodzi. Sitika zonse anazimata patsamba lomaliza la buku lakuda, n'kulitseka. Pa Jaji anamatapo pepala lofiira lolembedwa ndi dzanja lawo: OSAGWIRITSA NTCHITO. Ife tinayesa kuti amutaya, kapena amupereka kwa ogula zitsulo. Ayi. Anakokera matiresi m'chipinda cha Thokozile, ndipo ndimo mmene agona mpaka lero. M'mawa uliwonse amamupukuta Jaji ndi kansalu kofewa, n'kumufunditsa. Nshima ba Agatha amaisiya pakhomo pa chipindacho, yovundikira bwino, ndipo mbale imabwerera yotsuka, poti ba Daka ngakhale atakwiya sasiya mbale yakuda. Mawu a pakati pawo ndi "zikomo" ndi "malaiti abwera." Ba Agatha anaonda, chitenje amachizungulitsa kawiri.

Sabata yatha ba Daka anatulutsa Jaji pakhonde kuti amuchotse fumbi la m'timabowo ndi burashi ya mano. Ba Agatha anali chapatali, akuchapa jekete ya bulauni ija. Amake Favour anasuzumira pamwamba pa mpanda, ulendo uno osati pa kabowo, manja ali ndi ufa. Anayang'ana mwamuna, anayang'ana mkazi, anayang'ana bokosi.

"Ba Daka, ine nikambeko. Banama bonse babili, zaka folo zimozi-mozi. Uyu mumupukuta na nsalu, uja simumuyang'ana na kumenso. Nanga ni uti pali aba babili wamene amakuphikilani nshima?"